Ndani Amafika Kuchipatala? Phunziro Lochokera ku Mitundu ndi ku Nathenje

Ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro a uphunzitsi tidzatumizidwa kusukulu zakumidzi. Kumeneko mphunzitsi amakumana ndi mafunso omwe mulibe mu silabasi. Limodzi mwa iwo limabwera poitana maina m'mawa: mwana wa Sitandade 7 wajomba masiku awiri, ndipo anzake akuti anaperekeza agogo ake kuchipatala. Tikafunsitsa timapeza kuti panyumbapo palibenso wina wotha kupalasa njinga.

M'phunziro lino titenga dera la Mitundu ndi Nathenje, kummwera kwa boma la Lilongwe, ngati chitsanzo. Tiona momwe zipatala zinayalidwira, chifukwa chimene okalamba ndi anthu aulumali amatsalira ngakhale chipatala chilipo, zimene malamulo akunena, ndi gawo limene lingagwere ife.

Momwe zipatala zinayalidwira

Chithandizo cha zaumoyo m'Malawi chili ngati makwerero. Pansi penipeni pali alangizi a zaumoyo, omwe timawatchula kuti ma HSA, amene amagwira ntchito m'midzi. Pamwamba pawo pali zipatala zazing'ono, monga cha Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1, cha Chadza, cha Matapila ndi cha Mtenthera. Kenako pali chipatala cha Mitundu, chomwe ndi chokulirapo ndipo chimagoneka odwala. Matenda akaposa mphamvu ya zipatalazi, wodwala amatumizidwa mumzinda wa Lilongwe, ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, ulendo wa makilomita oposa 30 kuchokera pa Mitundu.

Mulinso zipatala za mipingo. Pafupi ndi Mitundu pali chipatala cha Mlale cha Akatolika, ndipo munthu akapitirira Nathenje n'kukhotera pa Kamphata amafika kuchipatala cha Nkhoma cha mpingo wa CCAP. Zipatala zotere zili pansi pa bungwe la CHAM. Kusiyana kwake n'kwakuti kuchipatala cha boma chithandizo n'chaulere, pamene kuchipatala cha mpingo munthu amalipira. Kuyambira mu 2006 boma lakhala likupangana ndi zipatala zina za CHAM kuti lizilipirira odwala ena, koma mapangano ambiri otere amakhudza amayi oyembekezera ndi ana. Gogo wodwala nyamakazi kawirikawiri amayenera kupisa m'thumba mwake.

Tikayang'ana pamapu, derali silikuoneka losowa zipatala poyerekeza ndi madera ena. N'chifukwa chake ndi chitsanzo chabwino: limatithandiza kuona mavuto amene amatsala chipatala chitamangidwa kale.

Tikukamba za anthu angati?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 aliwonse ankakhala kumudzi. Mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 1.5 miliyoni anali ndi ulumali wa mtundu wina, kutanthauza munthu mmodzi mwa khumi aliwonse. Pafupifupi theka la iwowa linali ndi vuto la kuona, ndipo oposa mmodzi mwa anayi aliwonse ankavutika kuyenda. Okalamba a zaka 60 kapena kuposa anali pafupifupi 5 mwa anthu 100 aliwonse.

Magulu awiriwa amalowana kwambiri. Ng'ala imaphimba maso pang'onopang'ono, makutu amagontha, mawondo amauma, sitiroko imapha mbali imodzi ya thupi. Makolo athu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Lero sititchulanso munthu ndi liwu limenelo, timati munthu waulumali, koma chenjezo la mwambiwu likadali pomwepo. Nkhaniyi ikukhudza agogo athu lero, ndipo Mulungu akatipatsa moyo idzakhudzanso ife.

Makilomita 8 a ndani?

Kwa zaka zambiri Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugwiritsa ntchito muyezo wa makilomita 8: munthu wokhala mkati mwa mtunda umenewu amawerengedwa kuti ali pafupi ndi chipatala. Muyezowu umathandiza pokonza mapulani, koma umaganizira munthu wa miyendo yolimba. Mnyamata amayenda makilomita 8 m'maola awiri. Gogo wa ndodo amene amapumula pa mtengo uliwonse angathe tsiku lonse, ndipo munthu wakufa ziwalo sangauyambe n'komwe ulendowo.

Tiyerekeze mayi wa zaka 70 wa m'mudzi wina wa kwa Chiseka kapena kwa Chadza, amene ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Mankhwala kuchipatala cha boma ndi aulere, koma taonani zimene ulendo wake umafuna. Sangakhale yekha pa kabaza, choncho afunika womugwira, ndipo ndalama ya ulendo ikhala ya anthu awiri, kupita ndi kubwera. Woperekezayo ataya tsiku la ganyu kapena la sukulu. Akasankha ngolo, mwini ng'ombe ayenera kuisiya ntchito ina. M'nyengo ya dzinja madambo amadzaza, misewu yafumbi imasanduka matope, ndipo a kabaza amakweza mtengo kapena kukana kumene. Nthawi imeneyi ndi yomweyonso imene nkhokwe zimakhala zitauma. Pakati pa ufa wa lero ndi mapiritsi a matenda osamveka kupweteka, banja limasankha ufa.

Ulendo wotere sachita kamodzi. BP, shuga, khunyu ndi mphumu ndi matenda okhalitsa, ofuna kukatenga mankhwala mobwerezabwereza moyo wonse. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Munthu akasiya mankhwala a BP chifukwa cha mtunda, chiopsezo cha sitiroko chimakula. Sitiroko ikamugwira, mtunda womwe unali wovuta uja umakhala wosatheka. Apa tikuona momwe kutalika kwa njira kumabalira ulumali, ulumaliwo n'kutalikitsanso njira.

Chithandizo chofika m'mudzi chinakonzedwera ndani?

Dziko lathu likudziwa kale kufikitsa chithandizo m'mudzi. Kuyambira mu 2008, ma HSA a m'madera ovuta kufikako akhala akuyendetsa zipatala za m'mudzi, kumene amathandiza ana osakwana zaka 5 odwala malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Sikelo ya ana imachitikira pansi pa mtengo, pasukulu kapena patchalitchi. Ntchito imeneyi yapulumutsa ana ambiri ndipo ndi yoyamikika. Koma gogo amene wabereka mdzukulu wake kupita kusikelo amabwerera osayezedwa BP, ngakhale kuti kuyezako kumatenga mphindi zochepa.

Pali zitsanzo zosonyeza kuti zingatheke. Anthu omwa ma ARV amene thupi lawo lili bwino amalandira mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, ena mpaka miyezi 6, zomwe zinachepetsa maulendo. Ku Neno, Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anayamba mu 2015 kuthandizira pamodzi odwala HIV, BP, shuga, khunyu ndi mphumu pa kiliniki imodzi, m'zipatala zazing'ono zapafupi ndi kwawo. Neno ndi boma lamapiri, la misewu yovuta kuposa ya ku Mitundu. Funso loyenera kufunsa atsogoleri athu ndi lakuti njira zoterezi zidzafika liti m'midzi yonse.

Kufika pageti si kuthandizidwa

Munthu akafika pachipatala amakumana ndi zopinga zina zimene ife athanzi sitiziona. Masitepe awiri okha ndi khoma kwa munthu wa pa njinga ya olumala. Chimbudzi chokumba chonjuta n'chosatheka kwa wofooka miyendo, moti ena amadzimana madzi kuyambira usiku kuti asadzachifune. Mzere umene umayamba m'bandakucha umakomera amene amafika msanga, ndiye kuti achinyamata ndi okhala pafupi.

Kulankhulana nako ndi chopinga. Munthu wosamva sadziwa kuti dzina lake laitanidwa. Ogwira ntchito zachipatala odziwa chinenero chamanja ndi ochepa m'dziko muno, choncho wodwala amafotokoza matenda ake kudzera mwa m'bale, ngakhale matendawo akhale achinsinsi. Munthu wosaona amalandira timapepala titatu ta mapiritsi oyera ofanana kukula, malangizo atalembedwa ndi cholembera. Ngakhale mzere waulere wa Chipatala Cha Pa Foni, umene unayambira ku Balaka mu 2011, umathandiza yekhayo amene ali ndi foni ndipo amamva.

Chopinga china chili m'makomo mwathu. Timati ndi ukalamba basi, n'kusiya matenda ochizika. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo chipatala cha Nkhoma chimadziwika ndi ntchito ya maso, monganso chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central. Komabe alipo agogo amene akhala m'nyumba zaka zambiri akutsogozedwa ndi mdzukulu chifukwa palibe anawauza. Khunyu limagonja ndi mankhwala akamwedwa mosadumphitsa. Gogo amene wayamba kuiwalaiwala, kusochera usiku ndi kulankhula zosamveka angakhale ndi matenda a muubongo obwera ndi ukalamba, koma m'midzi ina amamutcha mfiti. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kuloza munthu chala chotere, ndipo bungwe la MANEPO lakhala likudzudzula nkhanza zimene okalamba amachitiridwa pa chifukwa chimenechi. Munthu amene mudzi ukumuopa, palibe amamukweza pa njinga.

Malamulo akuti chiyani?

Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu 2012 kunabwera lamulo lokhudza ulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano, lomwe linasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsanso lamulo loteteza okalamba, kutsatira ndondomeko ya boma ya 2016. Mfundo yaikulu ndi yakuti kulandira chithandizo chachipatala mopanda tsankho ndi ufulu wa anthuwa. Sakupempha chifundo.

Palinso Mtukula Pakhomo, umene unayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano uli m'maboma onse. Umapereka ndalama ku mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wotha kugwira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo amatsogozedwa ndi okalamba kapena aulumali. Koma umafikira mabanja ochepa okha, ndipo lamulo lolembedwa ku Lilongwe silinyamula munthu kuchoka pamphasa. Pamafunika anthu a m'mudzi momwemo olidziwa ndi kulikumbutsa.

Gawo lathu

Sitidzakhala madokotala, koma mphunzitsi ali ndi zinthu zitatu zimene ambiri m'mudzi alibe: amadziwa kulemba, amaonana ndi ana a mabanja onse tsiku ndi tsiku, ndipo mawu ake amamveka pamsonkhano.

Choyamba, tizifunsa chifukwa chimene mwana wajombera tisanamulange. Mwana amene akusamalira wodwala yekha ayenera kudziwika kwa mphunzitsi wamkulu, kwa a komiti ya sukulu ndi kwa HSA wa deralo.

Chachiwiri, tithandize a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi kulemba maina a okalamba ndi aulumali amene sangathe kuyenda okha, anthuwo atavomera, ndi tsiku limene aliyense amayenera kubwerera kuchipatala. Tsikulo limalembedwa m'buku lakuchipatala, koma ambiri satha kuliwerenga. Anthu atatu a mudzi umodzi akadziwika kuti amapita sabata imodzi, ngolo imodzi iwakwanira.

Chachitatu, tigwiritse ntchito njira zimene zilipo. Chipatala chilichonse cha boma chimayenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'deralo, ndipo zipatala zambiri zili ndi wolandira madandaulo. Kalata yaulemu yosainidwa ndi a nyakwawa, yopempha benchi la okalamba, potsetsereka polowera m'malo mwa masitepe, kapena kuyeza BP pa tsiku la sikelo, imamveka kuposa kung'ung'udza pa mzere.

Chachinayi, tiphunzire chinenero chamanja ngakhale pang'ono. Aphunzitsi a maphunziro apadera amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, koma ndi ochepa, ndipo mwana wosamva amene tidzamupeze m'kalasi ali ndi tsiku lake lodwala.

Chachisanu, magulu athu a achinyamata akamayendera okalamba, kusesa pabwalo ndi kutunga madzi n'kwabwino, koma tizifunsanso kuti mankhwala atsala a masiku angati, ndipo adzawaperekeza ndani. Kumwa kapena kusintha mankhwala ndi nkhani ya achipatala. Yathu ndi kuonetsetsa kuti munthuyo wakafika kwa iwo.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Jambulani mapu a mudzi wanu kufika kuchipatala chapafupi. Lembani malo onse amene munthu wa ndodo, wosaona kapena wa pa njinga ya olumala angakakamire, m'chilimwe ndi m'dzinja.
2. Werengetsani ndalama zonse zimene gogo ndi womuperekeza angawononge pa ulendo umodzi, ndiyeno pa chaka chathunthu.
3. Mwana wa m'kalasi lanu amajomba tsiku limodzi mwezi uliwonse poperekeza agogo ake. Mungayambe kulankhula ndi ndani, ndipo mungapemphe chiyani?
4. Ndi mawu ati amene timatchula nawo anthu aulumali kwathu omwe sitiyenera kuwalola m'kalasi?