Tsiku Limodzi Kugombe la ku Beira

Tsiku lililonse timaona magalimoto akuluakulu ataima pachipata cha Cassacatiza. Ena akuwolokera ku Chanida m'dziko la Zambia. Ena akutsikira ku Tete. Ambiri a iwo amachokera kudoko la Beira, atanyamula feteleza, mafuta ndi katundu wina wobwera pa sitima za pamadzi.

Madzi athu nawonso amapita kunyanja. Mvula ikagwa m'minda mwathu, madzi amatsikira m'mitsinje monga Luia ndi Capoche. Kuchokera m'menemo amalowa mu Zambezi, nakathira m'nyanja ya mchere kufupi ndi Chinde.

Koma ambiri mwa ife nyanjayo sitinaione. Tsiku lina tidzapita ku Beira kukaona mwana kapena mbale, ndipo iye adzatitengera kugombe. Tiyeni tidziwiretu zimene tikaone ndi zimene tiyenera kusamala nazo.

ULENDO

Beira ndi kutali. Kuchokera kuno ndi makilomita oposa 800. Timayamba tafika ku Tete ndi kuwoloka Zambezi pa mlatho. Kenaka timadutsa Changara, Catandica, Chimoio, Inchope ndi Dondo. Ulendo wotere sitingapite ndi kubwerako tsiku lomwelo. Tiyenera kusungiratu ndalama zopitira ndi zobwererera, ndiponso kutenga chiphaso chathu.

Nthawi yabwino ndi Seputembala kapena Okutobala. Zokolola zili m'nkhokwe, kunja kwayamba kutentha, ndipo mvula isanagwe. Miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi ndi ya anamondwe. Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe wotchedwa Idai anagwa pa Beira, nasasula nyumba zambirimbiri. M'dziko lathu munafa anthu oposa 600.

MZINDA WA PAKAMWA PA PUNGWE

Beira ali pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'Nyanja ya India. Malowa anayamba ngati kampu ya asilikali a Chipwitikizi m'chaka cha 1887, ndipo anakhala mzinda mu 1907. Anthu ake ambiri amalankhula Chisena, Chindau ndi Chipwitikizi. Chisena sichitalikirana kwambiri ndi chilankhulo chathu. Tikatchera khutu, mawu ambiri tiwamva.

M'mawa tingayambire ku Praia Nova. Kumeneko asodzi amakocheza mabwato awo, ndipo amayi amagula nsomba ndi nkhanu zokagulitsa kumsika. Mabwato ena amanyamula anthu opita ku Buzi. Chapatali timaona doko, pamene sitima zimatsamira kuti zitsitse katundu. M'doko salowamo munthu wopanda chilolezo, choncho ife timangoonera kunja.

Dzuwa likakwera tingakwere chapa kupita ku Macuti. Kumeneko kuli mchenga wambiri ndi mphepo yozizira bwino. Kulinso nsanja yaitali yamizere yofiira ndi yoyera, imene inamangidwa mu 1904 kuti nyali yake iziongolera sitima usiku.

MADZI AMENE AMACHOKA NDI KUBWERANSO

Mtsinje wa kwathu umadzaza m'dzinja, nuphwa m'chilimwe. Nyanja ya mchere siitero. Iyo imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri tsiku lililonse. Madzi amakwera kwa maola 6 ndi mphindi zochepa. Kenaka amatsika kwa maola enanso 6.

Chimene chimachititsa zimenezi ndi mwezi. Mwezi umakoka madzi a m'nyanja, ndipo dzuwa limathandizako. Mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso ukapita kumdima, mphamvu ziwirizi zimakokera pamodzi. Masiku amenewo madzi amakwera kwambiri, naphwanso kwambiri. Ku Beira kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita 6. Kumeneku ndi kutalika koposa nyumba zathu.

Madzi akaphwa, mchenga ndi matope zimaonekera mpaka kutali. Mlendo amakopeka. Amayenda kutsata madzi, akutola zigoba, osayang'ana m'mbuyo. Koma akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pobwera, madzi amayamba kudzaza m'malo otsika, ndipo ena mwa malowo ali kumbuyo kwa munthuyo. Akamatembenuka, apeza kuti waima pakachilumba ndipo njira yatsekeka.

Tingathe kuwerengera nthawi yake. Ngati madzi adzaza 6 koloko m'mawa, aphwa cha m'ma 12 koloko masana. Adzazanso cha m'ma 6:25 madzulo. Mawa lake zonsezi zichedwa ndi mphindi pafupifupi 50.

MALAMULO A PAGOMBE

Tisanaponde m'madzi, tifunse asodzi ngati madzi akukwera kapena akutsika. Iwo ndiwo eni nyanja. Safunsa anadya phula.

Kudziwa kusambira padziwe la kwathu sikutanthauza kuti tidziwa nyanja. Mafunde amagwetsa ngakhale munthu wamphamvu. Ife alendo tilekeze madzi m'mawondo.

Pena madzi amathamanga kubwerera mkati mwa nyanja ngati kamtsinje. Akatikoka, tisalimbane nawo, chifukwa tingatope ndi kumira. Tisambire cham'mbali motsata gombe, tikweze dzanja ndi kufuula.

Mwana asachoke pamaso pathu. Aliyense wamkulu adziwe mwana amene akumuyang'anira. Tikati tonse tikuyang'ana, ndiye kuti palibe akuyang'ana.

Amene wamwa mowa asalowe m'madzi.

Madzi a m'nyanja sakumwa. Mu lita imodzi muli mchere wokwana magalamu 35, ndipo munthu akamwa ludzu limakula. Titenge madzi akumwa m'botolo, ndipo dzuwa likafika paliwombo tikhale pamthunzi.

Tiwerenge zikwangwani. Zalembedwa m'Chipwitikizi, koma zilembo zake ndi zomwezi tikuphunzirazi. PRAIA ndi gombe. PERIGO ndi ngozi. PROIBIDO ndiye kuti nkoletsedwa. Munthu wodziwa kuwerenga mawu atatuwa angathe kupulumutsa banja lake.

MADZULO

Tikasunga malamulowa, tsikulo ndi lokondweretsa. Ana amanga tinyumba tamchenga. Akulu adya nsomba yokazinga ndi kumwa madzi a kokonati. Tiona sitima zikulowa m'doko, ndipo tidziwa kumene magalimoto a pachipata chathu amachokera. Pochoka titole mapepala ndi mabotolo athu. Tinyamuke kusanade, kuti tipeze chapa chotibweza kumene tikugona.

Tikabwerera kumudzi, tifotokozere anzathu zimene taona. Amene adzapite pambuyo pathu adzapite akudziwa.

MAWU OTI TIWERENGE MOKWEZA

gombe, doko, sitima, mafunde, nsanja, namondwe, kudzaza, kuphwa, chikwangwani

MAFUNSO

1. Kodi madzi a m'mitsinje yathu amakathera kuti?
2. Tchulani malo atatu amene timadutsa pochoka ku Tete kupita ku Beira.
3. Nchifukwa chiyani si bwino kupita kugombe m'mwezi wa Febuluwale?
4. Kodi nyanja ya mchere imadzaza kangati pa tsiku?
5. Kodi madzi amakwera kwambiri mwezi ukakhala wotani?
6. Tingatani madzi akayamba kutikokera mkati mwa nyanja?

MASAMU

1. Lero madzi adzaza 7 koloko m'mawa. Kodi mawa adzaza nthawi yanji?
2. Mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja muli magalamu 35 a mchere. Nanga m'malita 10 muli magalamu angati?
3. Nsanja ya ku Macuti inamangidwa mu 1904. Inali ndi zaka zingati pamene Idai anagwa mu 2019?

TIKAMBIRANE

Kwathu kuno ana ndi akulu amamira m'mitsinje nthawi ya dzinja. Ndi malamulo ati a pagombe amene tingagwiritsenso ntchito powoloka mitsinje yathu?

TILEMBE

Aliyense alembe m'kope mwake mawu awa: Madzi saiwala khwawa.