WODWALA PAMASO PA DOTOLO

Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa Luangwa ndi Zambezi ayenda ulendo wautali kuti afike ku cipatala ca Katondwe, pa misyoni imene Ajezuiti anatsegula, kapena ku cipatala ca ku Boma, kumene kale ankati Feira. Koma nzacisoni kuti ambiri, atafika pamaso pa dotolo, angoti, "Thupi lonse liwawa," nakhala cete. Dotolo saombeza ula. Iye apeza nthenda mwa kupima ndi mwa mau a mwini wace. Cifukwa cace wodwala asunge zinai izi.

1. Anene tsiku limene nthenda inayamba, ndi malo amene apweteka. Mai wobwera ndi mwana awerenge masiku a kutentha thupi, anenenso ngati mwanayo anakomoka kapena akana kuyamwa, pakuti malungo akhoza kupha mwana m'masiku owerengeka.

2. Asabise kanthu cifukwa ca manyazi. Msodzi wokodza magazi aulule msanga. Kawirikawiri imeneyo ndiyo likodzo, locokera ku tizirombo tokhala m'nkhono za m'madzi. Mankhwala ace, praziquantel, alipo. Koma likodzo lobisidwa zaka zambiri liononga cikhodzodzo ndi impso.

3. Aulule mankhwala onse amene anamwa kale, ngakhale zitsamba za kwa sing'anga kapena mapirisi ogula pa kantini. Mkazi anene ngati ali ndi pakati. Dotolo safunsa izi kuti aweruze mlandu, koma kuti asapereke mankhwala olimbana ndi oyambawo.

4. Afunse cimene sanamve. Akulu anati, "Safunsa anadya phula." Ngati dotolo sadziwa Cinsenga kapena Cikunda, wodwala apemphe womasulira. Asanaturuke, abwereze yekha malangizo, kuti dotolo amve ngati alowa bwino. Mankhwala a malungo a Coartem amwedwa kawiri pa tsiku masiku 3. Wosiyira pakati cifukwa thupi lapepuka aitananso nthendayo.

Nkhalamba kapena munthu wofoka apite ndi mbale wace womthandiza kukumbukira, ndipo khadi la ku cipatala lisatsale m'nyumba.

Ulemu pamaso pa dotolo ndi wabwino. Koma ulemu wotseka pakamwa sucira nao munthu. Wonena zoona zonse ndiye athandiza womciritsa.