PHUNZIRO 14: MAGAZI OBWERERA KU MTIMA

Kowerenga: 1 Akorinto 12:12-27, Luka 17:11-19
Ndime yoloweza: Masalimo 139:14
Cholinga: Ana adziwe kuti mtima umatumiza magazi okhawo amene abwerera kwa iwo, adziwe kuthandiza mnzawo wokomoka, ndiponso aone kuti mu mpingo chiwalo chilichonse chili ndi ntchito.

MAU KWA APHUNZITSI

Mpingo wathu sunalekanitse kulalikira ndi kusamala thupi. Dr Robert Laws, amene anasamutsa mishoni kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe m'chaka cha 1881, anali mbusa komanso dotolo. Chifukwa chake musadabwe kuti lero tiphunzira za magazi. Werengani phunziro lonse kunyumba Sabata lisanafike, ndipo muyambe mwayesa pa mkono wanu zimene mudzaonetse ana.

1. NTCHITO YA MTIMA

Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. Akakhala phee, mtima wake umagunda ngati ka 70 pa mphindi imodzi, ndipo kugunda kulikonse kumatulutsa magazi okwana mamililita 70 kapena apo. Tikawerengera, tipeza kuti pa mphindi imodzi mtima umatumiza pafupifupi malita 5, ndiye kuti magazi onse a m'thupi. Auzeni ana kuti chigubu chotungira madzi cha malita 20 chingadzaze pa mphindi 4 zokha. Mnyamata wamphamvu akamathamanga, mtima wake ungathe kudzaza chigubu chomwecho pa mphindi imodzi.

Koma mtima supanga magazi, ndipo ulibe nkhokwe yosungiramo. Magazi amene utumiza ndi omwewo amene wangolandira kumene. Akabwerera ambiri, mtima umakhuta, nyama yake imatanuka, ndipo umafinya mwamphamvu. Akabwerera ochepa, umatumiza ochepa. Amene anafufuza lamulo limeneli ndi Otto Frank wa ku Germany m'chaka cha 1895, ndi Ernest Starling wa ku London m'chaka cha 1914.

Ana a ku Kande sadzavutika kumvetsa, pakuti nyanja ili pakhomo pawo. Mitsinje yambiri, monga Luweya, imathira m'nyanja, koma mtsinje wotulutsa madzi ndi umodzi, Shire. Cha m'ma 1915 madzi a m'nyanja anatsika kwambiri, ndipo Shire analeka kutulutsa madzi kufikira cha m'ma 1935. Polowa pakachepa, potuluka pamachepanso.

2. MAGAZI AMAKWERA BWANJI KUCHOKERA KU MAPAZI?

Kutsika n'kosavuta, pakuti mtima umakankha. Koma pofika kumapazi mphamvu ija imakhala itatha pafupifupi yonse, ndipo ulendo wobwerera ndi wa chitunda. Mulungu anakonza zothandiza zitatu.

(a) Titseko. M'mitsempha yobweza magazi ya m'miyendo ndi m'manja muli titseko totsegukira mbali imodzi, ya ku mtima. Magazi akafuna kubwerera pansi, titseko timatseka. William Harvey, dotolo wa ku England, anasonyeza zimenezi pa mkono wa munthu, ndipo m'chaka cha 1628 anafalitsa buku lofotokoza kuti magazi amazungulira m'thupi.

(b) Akatumba. Mitsempha yambiri imadutsa pakati pa nyama ya m'miyendo. Munthu akamayenda, akatumba amaifinya, ndipo popeza titseko sitilola magazi kutsika, amakwera. Amayi posinja chinangwa cha kondowole ndi abambo pokoka khoka amakhala akuthandiza mtima osadziwa.

(c) Kupuma. Pokoka mpweya chifuwa chimakula, ndipo chimakokera magazi a m'mimba kumtunda.

3. ZOCHITA NDI ANA

Mwana aliyense alendeweretse dzanja pansi kwa mphindi imodzi, aone mitsempha ya kuseri kwa dzanja ikutupa. Kenaka alikweze pamwamba pa mutu, aone ikuphwa. Afunseni: magazi aja apita kuti? Akatero aimirire, adzinyamule ndi zala za kumapazi kakhumi, dzanja litagwira katumba. Musalole mwana kudzimanga mkono ndi chingwe kapena mphira.

4. MAGAZI OBWERERA AKACHEPA

Gawo ili muliphunzitse mosathamanga, pakuti lingapulumutse moyo.

Mwana akaima nthawi yaitali padzuwa osasuntha, monga pokonzekera nyimbo za msonkhano, akatumba sagwira ntchito, ndipo magazi amaunjikana m'miyendo. Mtima umalandira ochepa, mutu umaperewedwa, mwana amaona chizungulire nagwa. Musamuimike kapena kumukhazika pampando. Mugonekeni chagada pamthunzi, mukweze miyendo yake, kuti magazi atsetsereke kupita ku mtima. Musamuthire madzi m'kamwa asanatsitsimuke. Akapanda kudzuka pa mphindi imodzi kapena ziwiri, fulumirani naye ku chipatala cha Kande kapena cha Chintheche.

Munthu akatemeka, kapena mayi akataya magazi ambiri pochira, obwerera ku mtima amachepa. Mtima umagunda mofulumira koma mofooka, ndipo manja amazizira. Pa bala dinikizani ndi nsalu yoyera osaleka, ndipo pitani ku chipatala osayembekeza kucha. Kumbutsaninso makolo ndi achinyamata kuti magazi amene odwala otere amalandira amachokera kwa anthu opereka mwaufulu.

Kolera, amene anavuta m'boma la Nkhata Bay m'chaka cha 2022, amapha m'njira yomweyi. Madzi akatha m'thupi chifukwa cha kutsekula ndi kusanza, magazi amachepa, mtima nusowa chotumiza. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino, ndipo wodwala azimwa pang'onopang'ono ali panjira yopita ku chipatala.

Mayi amene pakati pake pakula, akagona chagada, mwana amapanikiza mtsempha waukulu wobweza magazi. Ndi bwino agonere kumanzere.

5. CHIPHUNZITSO

Paulo anauza Akorinto kuti mpingo uli ngati thupi, ndipo palibe chiwalo chimene chinganene kuti chinzake n'chosafunika. Phazi lili kutali ndi mtima, limaponda fumbi, komabe tikaliimitsa mutu ndiwo umagwa. Momwemonso nyumba yopemphereramo yakutali, gogo wosatha kuwerenga ndi mwana wa Sande Sukulu ali ndi chobwezera ku mpingo: pemphero, nyimbo, kusesa, kuzonda odwala, chopereka.

Pa akhate khumi amene Yesu anawachiritsa, mmodzi yekha, Msamariya, ndiye anabwerera kudzathokoza. Onse analandira, koma asanu ndi anayi anapita nazo.

Chenjerani pano, aphunzitsi. Musauze ana kuti Mulungu ali ngati mtima umene umafooka tikapanda kuubwezera. Mulungu sasowa kanthu, ndipo chisomo chake sichigulidwa. Chimene chimafooka ndi mpingo, pamene anthu ake angolandira osabweza.

MAFUNSO

1. Kodi mtima umatumiza magazi ochuluka bwanji pa mphindi imodzi munthu akamapumula?
2. Tchulani zinthu zitatu zothandiza magazi kubwerera ku mtima.
3. Mnzanu akakomoka padzuwa, mudzachita chiyani? Nanga simudzachita chiyani?
4. Inu mudzabweza chiyani ku mpingo sabata ino?

PEMPHERO

Atate wathu, tikuyamikani chifukwa cha matupi amene munatipatsa ndi mtima umene sugona. Khalani ndi odwala ndi onse owasamala. Tiphunzitseni kubwerera kwa Inu ndi chiyamiko, ndi kuthandizana monga ziwalo za thupi limodzi. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.