PHUNZIRO: ZA MALONDA NDI ZA UCHIGAWENGA

Aphunzitsi a Eklezia ndi akhristu nonse, amene wafika pa Lizulu adziwa kuti mseu ndiwo malire: kuno Malawi, tsidya lija Angonia. Pa msika umenewo pamamveka maganizo awiri ofunika kuwayesa bwino.

Loyamba likhudza chikapitolizimu, ndiko kuti munthu akhale ndi chuma chakechake, nachita malonda pofuna phindu. Mlimi wa kachewere akaona ogula a m'tauni akumudulira mtengo amati malonda onse ndi umbava. Wogulayo amati ndalama ilibe chibale. Eklezia savomereza onse awiri. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya 1891, adateteza ufulu wokhala ndi katundu, koma adalamulanso malipiro okwanira kusunga wantchito. Mu 1991 Papa Yohane Paulo II adavomereza msika waufulu, nachenjeza kuti phindu lokha silingakhale muyeso wa zonse.

Lachiwiri ndi loopsa: ena amati wosauka sangamveke popanda mfuti. Anthu a ku Ntcheu adaona ndi maso. Pa nkhondo ya Renamo ndi boma la Frelimo, zigawenga zidaononga njanji za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo pofika 1984 katundu wambiri wa Malawi adayamba kuzungulira ku Durban. Feteleza ndi mafuta zidakwera mtengo. Othawa nkhondo adapitirira miliyoni imodzi m'dziko muno. Ambiri adakhala m'midzi ya Ntcheu ndi Dedza, nagawana ndi eni nthaka minda, zitsime ndi nkhuni mpaka mapiri adayera. Kodi adalipira ndani? Si eni mabanki ayi, koma mayi wosenza mtolo wa nkhuni. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo mmodzi wa amkhalapakati adali Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira.

Ku Cabo Delgado zigawenga zidayamba kupha anthu mu 2017. Zitaukira Palma mu 2021, kampani ya Total idaimitsa ntchito yake ya gasi nichotsa antchito ake. Msodzi ndi mlimi adathawa manja ali m'khosi. Komabe tisabise: kumene chuma chituluka m'nthaka achinyamata ali pa ulova, olemba zigawenga savutika kupeza anthu.

Pa msonkhano wa mphakati, mphunzitsi afunse: kodi aganyu a m'minda mwathu timawalipira bwanji, ndipo sikelo zathu n'zoona?