KUWERENGA MPHUTSI ZA UDZUDZU M'MATAYALA AKUTHA

Ife a pa Likoma tikamva za udzudzu timaganiza za zithaphwi za m'dzinja. Koma malo ena amene udzudzu uswerana ali pakhomo pathu pomwe, ndiwo matayala akutha. Tayala, kaya muliimike kaya muligoneke, lisunga madzi a mvula m'kati mwace, ndipo m'madzi ofundawo mulibe nsomba zakudya mphutsi monga m'nyanja.

Udzudzu suli wa mtundu umodzi. Anopheles ndiwo upereka malungo, monga anaonetsa Ronald Ross ku India m'caka ca 1897, ndipo ukonda zithaphwi za padzuwa. Wa m'matayala makamaka ndi Aedes, wa miyendo yamawangamawanga, umene uluma usana. Uwu upereka dengue ndi chikungunya, nthenda yopweteka m'mfundo imene inadziwika koyamba kumwera kwa Tanganyika m'caka ca 1952. Matayala akale ogulitsidwa kucokera ku Asia ndiwo anafikitsa mtundu wina wa Aedes ku America, ndipo unapezeka ku Houston m'caka ca 1985.

Nanga tingadziwe bwanji kucuruka kwace m'mudzi ngati Mbungo? Tengani cikho, mbale yoyera ndi kope. Pemphani cilolezo kwa a mfumu ndi eni nyumba. Werengani matayala onse, ndi kulemba amene muli madzi. Tungani madzi m'tayala lirilonse, muwatsanulire m'mbale, muyang'anitsitse. Mphutsi ya Anopheles igona copingasa pansi pa nkhope ya madzi, koma ya Aedes kapena Culex ilendewera mutu pansi, nipuma ndi kapaipi ka kumcira.

Tsono tibwere ku masamu. Tinene kuti mwapeza matayala 20 okhala ndi madzi, ndipo 8 mwa iwo muli mphutsi. Gawani 8 ndi 20, mucurukitse ndi 100. Yankho ndi 40, ndiko kuti matayala 40 pa 100 alionse akuswa udzudzu. Bwerezani sabata ndi sabata tsiku lomwelo, pakuti nyengo yotentha dzira lisanduka udzudzu wouluka m'masiku 7 kufikira 10 okha.

Mutawerenga, musasiye mphutsizo. Khuthulani madzi pa mcenga wouma, nimukwece m'kati mwa tayala, cifukwa Aedes umata mazira ace pakhoma pamwamba pa madzi, ndipo mazirawo akhala ndi moyo miyezi ingapo ngakhale pouma. Boolani tayala, kapena lidzazeni dothi, kapena liikeni pansi pa denga. Musalitenthe, utsi wace ndi woipa m'cifuwa.

Anzanga, nchito iyi siifuna ndalama. Chuti cikudzaci yesani kwanu, ndipo kope likaonetsa kuti 40 uja watsika, mudzadziwa kuti mwathandizadi mudzi wanu.