Nkhalango ya Pakati pa Mzinda

Munthu akamachoka ku Old Town kupita ku City Centre mumzinda wa Lilongwe, amadutsa pafupi ndi nkhalango yowirira. Nyumba zimatha, ndipo m'malo mwake amaona mitengo yaitali ndi kumva kulira kwa mbalame. Nkhalango imeneyi imatchedwa Lilongwe Nature Sanctuary, ndipo mkati mwake mumayenda mtsinje wa Lingadzi.

Likulu la dziko lathu lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Pomanga mzinda watsopanowu, akatswiri adalemba malo a maofesi, misewu ndi nyumba zokhalamo, monga za ku Area 10 ndi Area 12. Koma malo a m'mbali mwa Lingadzi adawasiya osalambula. Kodi adachitiranji zimenezi, pamene malo a pakati pa mzinda ndi a mtengo wapatali?

Mitengo imatipatsa zinthu zambiri zogwirika ndi manja: nkhuni, matabwa, zipatso ndi mankhwala. Mizu yake imagwira nthaka kuti isakokoloke, ndiponso imathandiza kuti mitsinje isaphwe m'chilimwe. Madzi amene anthu a mu Lilongwe amamwa amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuli gwero la mtsinje wa Lilongwe.

Komabe ulipo ubwino wina wa nkhalango umene sungagulitsidwe pa msika. Makolo athu ankaudziwa bwino. M'midzi ya Achewa yozungulira mzindawu, munthu amazindikira manda ali patali. Minda yonse imakhala yoyera, koma pamanda pamakhala msitu wobiriwira. Palibe amene amalowamo ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha mfumu, chifukwa mumagona makolo. Pafupi ndi msitu womwewo pamakhala dambwe, kumene kumachokera Gule Wamkulu. M'chaka cha 2005, bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chimodzi mwa zuma za chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse. Msitu utatha, gule angatulukire kuti? Mwambo udasunga mitengo, ndipo mitengoyo ikusunganso mwambo.

Nthano zathu nazo zidabadwira m'tchire. Agogo akamasimba za Kalulu ndi Fisi, kapena za Ng'ona ndi Nyani, amanena za nyama zimene ankaziona ndi maso awo. Mwana wobadwira mumzinda akhoza kukula osaonapo gwape kapena mtengo wa mkuyu. Kwa iye nthanozo zimasanduka mawu chabe. Nkhalango ya Lingadzi imathandiza mwana wotereyu. M'menemo muli apusi, agwape ndi mbalame zamitundumitundu. Ngakhale afisi amakhala mumzinda wa Lilongwe, ndipo nthawi zina amamveka akulira usiku.

M'nkhalangoyi mudatsegulidwa malo otchedwa Lilongwe Wildlife Centre. Kumeneko amasamalira nyama zovulala ndi zimene zalandidwa kwa anthu ozigulitsa mozemba. Zikachira, zimene zingathe kudzidalira amakazisiya kutchire. Ana asukulu amapitako ndi aphunzitsi awo kukaphunzira mayina a mitengo ndi makhalidwe a nyama. Akuluakulu nawo amapitako kukapumula pamthunzi, kutali ndi phokoso la magalimoto.

Koma mzinda ukukula. Anthu akufuna malo omangapo nyumba, misewu yotakata ndi makala ophikira. Zonsezi ndi zofunika, koma zimadya mitengo. M'chaka cha 2021, mitengo yambiri ikuluikulu idadulidwa pokuza msewu wa Kenyatta, ndipo anthu ambiri adadandaula. Sadadandaule chifukwa cha matabwa ayi. Adadandaula chifukwa mitengoyo adakula nayo, ndipo inkawakumbutsa mmene mzinda wawo udayambira. Msewu umamangidwa m'zaka zochepa, koma mtengo wa m'bawa umatenga zaka makumi angapo kuti ukule. Akulu adati madzi akatayika saoleka.

Inu ndinu amene mudzalamulire mizinda yathu mawa. Mukadzafuna kudula mtengo, musadzangowerenga matabwa amene mungatulukemo. Mudzafunsenso kuti: ndani amapumula pansi pake, ndipo ndi mwambo uti umene udzathe mtengowo ukagwa?

Mafunso

1. Kodi likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe m'chaka chiti?
2. Tchulani mtsinje umene umadutsa mu Lilongwe Nature Sanctuary.
3. N'chifukwa chiyani mitengo ya kumanda sidulidwa wamba?
4. Fotokozani ntchito ziwiri za Lilongwe Wildlife Centre.
5. Kodi mwambi wakuti "madzi akatayika saoleka" ukutanthauzanji m'nkhaniyi?

Ntchito

Funsani agogo anu kapena munthu wina wamkulu za mtengo umodzi wolemekezeka wa kwanu. Lembani dzina lake ndi chifukwa chimene anthu amaulemekezera.