Kaodzera ku Domira Bay: Mafunso ndi Mayankho

Kodi kaodzera adayamba liti kuvuta kuno kunyanja?

Wodwala woyamba m'dziko la Nyasaland adapezeka mu 1908. Sipadapite nthawi, matendawa adabuka m'chigwa cha Domira Bay, chomwe masiku amenewo chinkalamulidwa kuchokera ku Dowa. Atsamunda adalengeza kuti dera lonselo ndi la mliri.

Nanga adabwera bwanji?

Adabwera ndi kashembe. M'zaka za m'ma 1890, mliri wa ng'ombe udapulula ziweto ndi nyama zakutchire. Nyama zitayambanso kuswana ndipo tchire litawirira, kashembe adafalikira mpaka kufika kumidzi. Ntchentcheyi imatenga tizilombo m'magazi a nyama n'kukatisiya mwa munthu pomuluma.

Boma lidachitapo chiyani?

Lidaletsa anthu kulowa kapena kutuluka m'deralo opanda chilolezo, ndipo lidalamula kuti tchire la m'mbali mwa midzi ndi misewu lilambulidwe. Mu 1912, gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi David Bruce lidamanga msasa paphiri la Kasu ndipo lidagwira ntchito mpaka 1914. Lidapeza kuti nkhokwe ya matendawa ndi nyama zakutchire, motero lidalangiza kuti nyamazo ziphedwe.

Kodi anthu adazilandira bwino?

Zidawawawa. Maulendo a malonda ndi ofuna ntchito adatsekeka, koma msonkho wa nyumba sudaime. Komanso boma lomwelo linali ndi malamulo oletsa eni dziko kusaka nyama, zomwe zinkadya m'minda mwawo ndi kukoka kashembe.

Mankhwala adalipo?

Oyambirira, otchedwa atoxyl, ankachititsa ena khungu. Suramin adayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1920, ndipo melarsoprol adabwera mu 1949. Mankhwala a melarsoprol nawonso anali aukali moti odwala ena ankamwalira nawo. Lero kuli mapiritsi a fexinidazole, omwe adayesedwa pa odwala a ku Rumphi.

Ndiye kuti kaodzera adatha?

Ayi. Akadalipo m'midzi yoyandikana ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza. Amayamba ngati malungo: thupi kutentha, mutu kuwawa, nthawi zina chilonda pomwe kashembe adaluma. Tulo tosalekeza timabwera matenda atafika kale muubongo, ndipo wopanda chithandizo amamwalira pa miyezi yochepa chabe.

Ngati mudapita kufupi ndi nkhalango ndipo mankhwala a malungo sakuthandiza, bwererani kuchipatala msanga. Muwauze adokotala kumene mudayenda.